Anaona Maso Okha

"Chotsani mbale yanu ya mchereyo," ndinawauza amuna anga. "Mwana wanga si nyama yofutsa."

"Amayi, tsitsani mawu. Anthu akudutsa panjirapo."

"Adutse. Makutu ndi awo."

Anali atagwada pambali pa bedi, m'manja muli singano, akutokosa mkono wa mwana. Singanoyo inali ya mwana yemweyo. Mwana wanga wamkazi amasoka zovala pakhonde la golosale, ndipo anthu anaiwala kale dzina lake, amangoti Telala. Tsopano anali chigonere, ataluma ngodya ya pilo, maso ali kukhoma. Mkono wamanja, kuchokera paphewa kukafika pachikhatho, unali mabowo okhaokha ngati sefa. Unali utatupa mpaka kunyezimira, ndipo m'chipindamo munayamba kumveka kafungo kamene ine ndimakadziwa. Ndagulitsa nkhuku moyo wanga wonse, nyama ikayamba kutembenuka sindichita kuuzidwa.

"Zatsala zochepa," anatero, akundionetsa kambale. Munali tizipolopolo takuda, tating'ono ngati mapira. "Onani zomwe ndachotsa kale."

"Dzana munati zatsala zochepa. Dzulo munati zatsala zochepa. Lero tikupita kuchipatala."

"Kuchipatala akangoona bala la mfuti amaitana apolisi. Mukufuna achimwene akagone m'chitolokosi?"

"Akagone ngakhale m'chimbudzi, ine sizikundikhudza."

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka, amayi."

"Mkhate wake uti? Si uwu mwauswa kalewu?" Ndinaloza mwana.

Zinayenda chonchi. Mbuzi yathu inaberekera kutchire, n'kubwera yokha madzulo ikulira, kamwana itakasiya. Telala anati akakafune nkhandwe zisanakapeze. Tochi m'nyumba munalibe, bambo ake anali ataitenga. Anapita choncho kutada kale, n'kukapeza kali m'ngalande kuseri kwa minda. Anakanyamula pachifuwa. Nthawi yomweyo amuna anga ndi akulu awo anali m'minda momwemo, akusaka nkhandwe ndi tiagwape monga amachitira mwezi ukakhala mumdima. Wina amagwira tochi, wina mfuti. Tochi inagwa pa maso a kambuzi, masowo anawala, mfuti inalira. Kambuzi kanafera m'manja mwa mwana wanga. Pakanapanda kambuziko, zonse zikanalowa pachifuwa.

Ndisanamalize kumanga nsalu m'chiuno, alamu anatulukira pakhomo. Akulu awo a amuna anga, eni mfuti. Kumowa amawatcha a Saphonya, ndipo dzinalo amalikonda kuposa lawo lenileni. Anavula chipewa n'kukhala pampando asanapatsidwe.

"Mwadzuka bwanji, alamu? Nanga wodwala?"

"Lowani mukaone ntchito ya manja anu."

Sanalowe. Anapukusa chipewa m'manja. "Tsoka silinunkha, alamu. Mtima wanga ukuwawa kuposa wanu. Ndabwera kuti tikambirane ngati anthu a nyumba imodzi. Kambuzi kaja ndibweza. Osati kamwana ayi, mbuzi yaikulu, ya bere."

"Kumsika amanditcha Sinditsitsa, mukudziwa. Koma mkono wa munthu sindinagulitsepo, mtengo wake sindiudziwa. Tandiuzani kaye. Munaona chiyani?"

"Maso."

"Maso a chiyani?"

"Maso owala, pansipansi mu udzu. Mwanayo anali m'ngalande, ndiye masowo anali pamsinkhu wa nkhandwe ndendende."

"Mchira munauona?"

"Alamu, usiku..."

"Makutu? Miyendo? Msana?"

"Nkhandwe za masiku ano zachenjera. Zikangoona tochi zimaliyatsa liwiro. Ukati udikire mchira ubwerera chimanjamanja."

"Bambo anu ine ndinawapeza ali moyo. Ankati chiyani? Ankati mchira kaye, mfuti pambuyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Inu munapha galu wa amayi ogulitsa makala, mukuti nkhandwe. Munabweza kagalu, nkhani inatha. Munapha mwana wa ng'ombe wa aphunzitsi, mukuti gwape. Munabweza, nkhani inatha. Lero mwabwera ndi mbuzi ya bere. Mkono mubweza wa ndani? Wanuwo?"

"Apa mwayankhula mopitirira."

"Sindinayambe n'komwe."

Ndinalowa, ndinamudzutsa mwana, ndinamukoleka mkono pansalu n'kumugwira m'chiuno. Thupi linali moto. Amuna anga anaima pachitseko. Iwo ndi aatali, ine ndimawalekeza m'khwapa. Ndinangowayang'ana, ndipo anapatuka.

Kumsewu ndinaimitsa galimoto yonyamula simenti. Tikukwera, amuna anga anafika akuthamanga n'kudzikweza nawo pamatumba. Njira yonse ankandinong'oneza.

"Mukanene kuti anagwera pa waya waminga. Waya, amayi. Mwamva?"

"Waya wa kuti wobaya ngati sefa? Mukandionetse ndikagule, nditchingire khola la nkhuku."

Adokotala anali mayi wochepa thupi, wa magalasi. Atamasula nsalu anafunsa kuti chinachitika n'chiyani.

"Waya," anatero amuna anga.

Ine ndinamasula mfundo ya pansalu yanga n'kukhuthulira tizipolopolo tija patebulo. Tina tinagubuduka n'kugwera pansi.

"Waya wake ndi ameneyu."

Adokotala anayang'ana tizipolopolo, anayang'ana amuna anga, ndipo amuna anga anayang'ana nsapato zawo. Anawauza kuti akadikire panja. Mwana anamulowetsa m'kati, anatulukamo dzuwa litapendeka. Anati tikanachedwanso pang'ono mkono ukanadulidwa. Mkonowo anaupulumutsa, koma mtsempha wina unali utaduka. Chala chachikulu ndi cholozera sizinkapinda. Zala zogwirira singano.

"Zidzapinda?" ndinafunsa.

"Mwina pang'ono. Sindikufuna kukunamizani."

"Mwachita bwino. Onama ndili nawo kale kunyumba."

Wapolisi anabwera m'wodi momwemo. Ndinatchula alamu, dzina lawo lenileni ndi la kumowa lomwe. Anafunsa ngati anali ndi munthu wina. Ndinasuzumira pawindo, amuna anga ali khale pansi pa mtengo, mutu uli m'manja.

"Ine ndinali kunyumba," ndinatero.

Sindinaname. Wamalonda satulutsa nkhuku zonse m'dengu nthawi imodzi.

Apolisi anapita kwa alamu, anatembenuza matiresi, anasuzumira m'nkhokwe, mfuti sanaipeze. Alamu anati anaigulitsa chaka chatha kwa munthu wodutsa, ndipo usiku umenewo anagona nkhuku zisanalowe. Anatinso m'minda mumasaka anthu achilendo ambiri. Anawafunsafunsa n'kuwasiya. Wapolisi uja anabweranso kudzandiuza.

"Mayi, popanda mfuti mlanduwu ndi wolumala. Mwana wanu akuti nkhope sanaone, tochi inamuthobwa m'maso."

Atachoka, Telala anandikoka nsalu ndi dzanja lamanzere.

"Amayi, nkhope sindinaone. Koma mawu ndinamva."

"A ndani?"

"Wogwira tochi ndi amene amatchula nyama, si choncho? Woomba amangomvera." Anatembenukira kukhoma. "Anati, 'Iyo nkhandwe, achimwene, ombani isanathawe.' Ine ndinali nditatsegula pakamwa kuti ndinene kuti, 'Ndine, ababa.'"

Kuti amuna anga analipo ndinkadziwa, ndi iwo anamunyamula kubwera naye kunyumba. Koma zoti mawu oti ombani anatuluka m'kamwa mwawo, zimenezo anandibisira. Ndinamufunditsa bulangete mwanayo. Sindinalire. Ndinalibe nthawi yake.

Titabwerera kunyumba, Telala anasiya kuyankhula ndi bambo ake. Sanawatukwane, sanawathawe. Akalowa, iye ankangoyang'ana kukhoma. Ankamubweretsera malalanje, sopo wonunkhira, kamodzi mpaka nsapato. Zonse zinkakhala pampando mpaka ine n'kuzichotsa. Malalanje ndinkadya ndekha, sinditaya chakudya chifukwa cha mkwiyo.

Nkhandwe nazo zinamva kuti mfuti ili patchuthi. Zinatenga thadzi langa loyera, kenako tambala, kenako gulu lonse la anapiye. M'mawa ndinkapeza nthenga zokhazokha kuseri kwa khola. Amuna anga ankaziyang'ana nthengazo, n'kundiyang'ana ine, osanena kanthu.

"Nenani," ndinawauza tsiku lina. "Mawu akukutsamwitsani."

"Sindinanene kanthu ine."

"Zidye. Nkhuku ndigula zina."

Patapita milungu, alamu anabweranso, atavala jekete ngati akupita kukapempha ntchito. Telala anali m'chipinda, chitseko chili chotsegula pang'ono.

"Alamu, madzi akatayika saoleka. Ndaganiza. Mbuzi ziwiri, ndi makina osokera atsopano, amagetsi. Mwana asamavutike kupalasa. Inu mungopita kupolisi mukanene kuti munatchula dzina langa chifukwa cha mkwiyo."

"Makina amagetsiwo azisoka ndi zala za ndani?"

"Zichira zimenezo."

"Mwakhala dokotala liti?"

"Chabwino, nenani inuyo. Mukufuna chiyani?"

"Mfuti."

"Mfuti iti? Ndinagulitsa."

"Ndiye tilibe malonda. Muyende bwino."

"Chibale ndi fupa, alamu, sichiola."

"Fupa lake ndi limene munaliboola lija."

Apa nkhope inasintha. Anatsamira kutsogolo n'kundiloza ndi chipewa. "Musadziyeretse. Si inu munkanyoza mng'ono wangayu tsiku ndi tsiku? Ati nkhandwe zikutha nkhuku, mwamuna ali m'tulo. Ati kwathu amuna amasaka. Munatituma ndinu."

"Ndinati nkhandwe. Sindinati chilichonse chokhala ndi maso. Ndikakutumani kumsika kukagula mchere, mubwera ndi feteleza poti nayenso ndi woyera?"

Amuna anga anali pakhonde, akumva zonse, akusema mpini umene sunkafunika kusemedwa.

Alamu anaimirira n'kuvala chipewa. "Zizizira izi. Palibe moto wosazima. Mwezi ukalowa mumdima anthu a kumtunda atiitana, nkhandwe zawavuta. Tikamaliza kumeneko tidzabwera kuno, ndipo mudzatithokoza."

"Mukaomba ndi chiyani, poti munagulitsa?"

Anaseka. "Yobwereka."

Anapita, koma mawuwo anatsala. Kumtunda ndimakudziwa. Madzi kumeneko amafika usiku, ndiye azimayi amathirira madimba kutada, ana ali kumbuyo, agalu akutsatira. Ana a sukulu amadula m'minda momwemo pochokera kowerenga. Amati nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Kwathu kuno zinatembenuka, akudya akulu, opotedwa ana. Ndipo mwezi unali utayamba kale kuchedwa kutuluka.

Ndinawafunsa amuna anga kuti mfuti ili kuti. Anati sakudziwa. Ndinawafunsa ndikuwapatsa madzi osamba, ndinawafunsa akudya, ndinawafunsa akugona. Yankho limodzimodzi.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, malata akulira ndi kutentha, Telala anati ayesere makina ake akale. Anawakokera pafupi ndi bedi, anayala kansalu koyera, akuti aone ngati dzanja lamanzere lingatsogolere nsalu. Makina anali olimba, ndiye anatenga kabotolo ka mafuta.

"Amayi, mafuta anga a makina mwagwiritsa ntchito?"

"Ndithire pati, pa nkhuku?"

"Ndinasiya botolo lodzadza. Latsala pansi."

Akulankhula choncho, kadontho kanagwera pakansalu koyera paja. Tinayang'anizana. Kunja kunalibe ngakhale kamtambo. Ndinakhudza ndi chala n'kununkhiza. Mafuta a makina. Ndinakweza maso. Pamwamba pa khoma, pomwe mtanda wa denga umakhala, panatulukira kansonga ka thumba.

Ndinakoka tebulo, ndinaika mpando pamwamba, ndinakwera. Thumbalo linali lalitali, lolemera, lotentha ngati lachoka pamoto. Ndinalitsitsa pang'onopang'ono n'kuliika pabedi. Sindinafunike kumasula kuti ndidziwe, koma ndinamasula.

Mfuti yomwe inaomba mwana wanga inkagona pamwamba pa mutu wake masiku onsewa. Anaipaka mafuta ake omwe kuti isachite dzimbiri.

Telala anaiyang'ana, kenako anatuluka n'kukakhala pansi kuseri kwa nyumba. Ndinaitana amuna anga kuchokera kukhola. Atalowa anaima pakhomo la chipinda ngati mwendo wazika mizu.

"Achimwene anati kuno apolisi sangafufuze," anatero motsitsa. "Nyumba ya wovulala safufuza."

"Anaganiza bwino. Inunso munaganiza bwino. Ithyoleni."

"Amayi..."

"Ine sindidziwa pogwira. Ilozeni kukhoma, muithyole pakati monga mumachitira, ndione m'mimba mwake."

Anaitenga, anaithyola. M'kati munali chipolopolo chofiira, chonenepa ngati chala chachikulu. Anachisolola n'kuchiyang'ana ngati akuchiona koyamba.

"Yodzadza," ndinatero. "Pansi pa malata otentha. Pamwamba pa mwana."

"Ndinaiwala kuona. Ndinali ndi mantha tsiku limenelo."

"Inu kuona kumakuvutani."

Ndinamanga chipolopolocho pamfundo ya nsalu. Ndinapinda nkhata, ndinaika pamutu, n'kusenza mfutiyo ili chithyokere, yokhota ngati mwendo wa galu. Thumba ndinalisiya. Zobisa zinali zitandikwana.

"Mverani, bambo ake a mwana. Wapolisi anandifunsa kuti alamu anali ndi ndani, ine sindinatchule. Mwana anamva mawu anu. Anamva mukuti ombani. Akudziwa, ndikudziwa. Ine ndikupita, ndipo akandifunsanso ndiyankha. Tochi ili pawindopo. Ngati mukufuna kuti mawu amenewo atuluke m'kamwa mwanu osati mwanga, njira mukuidziwa. Sindikudikirani."

Ndinatuluka.

Sindinadzere njira yachidule ya m'minda. Ndinadzera pamsewu waukulu, pomwe pali golosale, chigayo ndi okonza njinga. Anthu anasiya zomwe ankachita. Mwini golosale anatuluka ndi sikelo m'manja. Pakhonde pake malo a Telala anali opanda kanthu, pansi pakuoneka mabala anayi a miyendo ya makina.

"A Sinditsitsa, lero mukugulitsa chiyani?" anafunsa wokonza njinga.

"Iyi si yogulitsa, ndikukapereka ulere."

Amayi ogulitsa makala anaimirira pakati pa matumba awo, manja ali bii. "Ndi yomwe inadya galu wanga imeneyo?"

"Yomweyo."

"Kagalu kamene anandipatsa kanafa ndi chiwewe. Muwauze akumeneko."

"Bwerani mukanene nokha, pakamwa muli napo."

Anapukuta manja pansalu n'kunditsatira chapatali.

Mawu amathamanga kuposa munthu. Ndisanadutse chigayo ndinamva njinga kumbuyo, mabuleki akulira. Alamu anatsika isanaime, opanda chipewa, malaya atamanga mabatani mosemphanitsa.

"Alamu, taimani. Tiyeni tikambirane."

"Yankhulani, makutu anga amamva ndikuyenda."

"Mukudzichititsa manyazi. Anthu akuona."

"Aone bwinobwino. Ndi masana, mchira ukuoneka."

"Mbuzi zitatu."

Ndinayenda.

"Zinayi, ndi makina aja."

"Mfuti munagulitsa chaka chatha, alamu. Iyi mukuigula chifukwa chiyani? Si yanu."

Okonza njinga anaseka. Alamu anakankha njinga pambali panga, thukuta likutsika m'khosi.

"Ng'ombe. Yaikazi ija, ya mawanga. Mukaitenge lero lomwe."

Ng'ombe ya mawanga ndimaidziwa. Mkaka wake ukanatidyetsa ine ndi mwana mpaka kalekale. Sindinama, phazi linachedwa pang'ono. Kenako ndinakumbukira kadontho pa kansalu koyera.

"Yachepa."

"Ndiye mukufuna chiyani, mayi inu?"

"Ndinanena kale. Mtengo wanga ndausenza pamutupa."

Anatambasula dzanja kuti agwire mfuti. Ndinaima n'kutembenuka.

"Igwireni. Pamaso pa anthu onsewa, igwireni munene kuti ndi yanu. Mundipeputsa katundu."

Dzanja linaima m'malere, kenako linabwerera m'thumba. Anatsitsa mawu kuti ena asamve. "Mukamiza ine, mwamizanso amuna anu. Mfuti yatuluka m'nyumba mwanu. Tochi anagwira ndi iwo. Mudzagona nokha, mudzalima nokha. Mwaganiza zimenezo?"

"Ndaganiza. Ndalima ndekha kambirimbiri iwo akugona masana chifukwa chochezera kuthengo ndi inu."

Anatsala pomwepo, atagwira njinga. Ine ndinapitirira.

Kupolisi ndinatula mfuti pakauntala, ndinamasula chipolopolo n'kuchiimika pambali pake. Wapolisi uja anadzuka pampando, anaitana mnzake. Anafunsa komwe ndaipeza, ndinanena. Anafunsa amene anaiika pamenepo, ndinati amuna anga, atatumidwa ndi akulu awo. Analemba. Kenako anaika cholembera pansi n'kundiyang'ana.

"Mayi, osaka usiku sayenda okha. Tsiku lija munazemba funso langa. Tochi anagwira ndani?"

Ndinacheuka. Pakhomo panali amayi a makala ndi anthu ena ongofuna kuonerera. Msewu kuseri kwawo unali mbee, fumbi lokhalokha. Zaka zonse zomwe ndakhala ndi bambo ameneyu, sindinamuonepo akutsutsa akulu ake ngakhale pa nkhani ya mbewu yodzala. Ndinakoka mpweya kuti nditchule.

"Tapatukani pang'ono," anatero mawu panja.

Anthu anapatuka. Amuna anga analowa, fumbi lili m'miyendo, atavala malaya a kutchalitchi. Anaika tochi pakauntala pafupi ndi mfuti. Anatsokomola.

"Tochi ndinagwira ndine. Amene ndinati ombani ndine."

"Munaona chiyani, bambo?" anafunsa wapolisi.

"Maso."

"Maso okha?"

"Maso okha."

Anawalowetsa m'kati. Madzulo ake anakatenganso alamu. Ine ndinabwerera ndekha, nkhata ili m'manja, khosi likuwawa.

Anagonako masiku angapo, kenako anawatulutsa kuti azidikira mlandu ali kunyumba. Mlanduwo sunathe mpaka lero, ndipo momwe uthere sindikudziwa. Mfuti ndi tochi zinatsala komweko. Alamu akandiona pamsewu amawolokera tsidya lina. Abale a amuna anga akuti ndine mkazi wopasula mudzi, ena asiya kugula nkhuku zanga. Asiye. Nkhuku sizisowa mphika. Mwezi unalowa mumdima, unatulukanso, kumtunda sikunalire mfuti.

Amuna anga atangotuluka anapita kusitolo ya zitsulo n'kubwera ndi mpukutu wa waya paphewa. Anakumba mozungulira khola, anakwirira wayayo mpaka pansi kuti nkhandwe isafukule, anamanga ndi pamwamba pomwe. Manja onse anachekekachekeka.

"Waya uja mwamupeza," ndinawauza.

Sanaseke, koma sanakwiyenso.

Telala anabwerera pakhonde la golosale. Amadula ndi dzanja lamanzere, mzere umapita uku ndi uku, ndipo diresi la tsiku limodzi limamutengera atatu. Chala cholozera chayamba kupinda pang'ono, chachikulu chikukanabe. Mayi wina anafuna kuti amutsitsire mtengo poti msoko wakhota. Ndinali pomwepo. Sanatsitsiridwe.

Madzulo ena tinali pakhonde tonse atatu, titangotsekera nkhuku. Telala ankapindapinda zala monga anamuuzira adokotala, bambo ake ali kumapeto kwa benchi, pakati pawo pali malo a anthu awiri. Nyali ya pawindo inkaponya kuwala mpaka kukhola. Kuseri kwa waya, mu udzu, munawala maso awiri. Anaima, osaphethira.

Amuna anga anadzuka theka, mwa chizolowezi, dzanja likufufuza tochi yomwe kulibe.

"Ndi nkhandwe?" anafunsa Telala. Sanayang'ane ine. Anayang'ana iwo.

Bambo ake anayang'anitsitsa mu udzumo nthawi yaitali.

"Sindikudziwa, mwanawe. Mchira sindinauone."

"Ndiye khalani pansi," ndinatero.

Anakhala.